Mwana wosamva nthano adzawerenga chiyani?

Loweruka lina ndili pa msika wa Mitundu, mayi wina wogulitsa tomato anandiimitsa. "Aphunzitsi, taonani kuno." Anamasula kachikwama n'kutulutsa timabuku titatu ta Chingerezi timene anagula m'tauni, tija tokhala ndi timadontho toti mwana azidutsamo pensulo. Mwana wawo wamkazi wa zaka 6 amadwaladwala, kusukulu amajomba kawirikawiri, ndiye mayiwo anaganiza zoti azimuphunzitsa okha pakhonde. Masamba onse anali odzaza. Lembo A linalembedwa kambirimbiri pambali pa chithunzi cha apulo, chipatso chimene mwanayo sanachilawepo.

Mwanayo anali pomwepo, ndiye ndinagwada n'kumufunsa kuti, "Iwe, tandiuze nthano ya Kalulu." Anangoweramitsa mutu. Amayi ake ndi amene anayankha: "Za nthano tinasiya aphunzitsi, zimachedwetsa. Ine ndikufuna adziwe Chizungu."

Mawu amenewa ndawamva kwa zaka zambiri ndikuphunzitsa Sitandade 1, ndipo amandiwawa. Anthu amaganiza kuti nthano ndi zosewera za madzulo, maphunziro enieni ndi kukopera malembo a Chingerezi. Zimenezi si zoona ngakhale pang'ono.

Kuwerenga kuli ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kulumikiza lembo ndi liwu lake. Ife aphunzitsi timanena za maliwu ndi maphatikizo: liwu ndi kamvekedwe kamodzi, monga m, ndipo phatikizo ndi liwulo likakumana ndi a, e, i, o kapena u, n'kukhala ma, me, mi, mo, mu. Apa Chichewa n'chokoma mtima. Lembo a limamveka chimodzimodzi paliponse pamene lili, pomwe m'Chingerezi lembo lomwelo limasinthasintha mpaka mwana kusokonezeka. Akuluakulu amene anaphunzira ndi buku la Sosa amakumbukira mmene mwana ankagwirira njira imeneyi msanga. Ndipo mwana akangotulukira chinsinsi choti malembo amayankhula, samaiwalanso. Pofika pa Chingerezi amakhala atanyamula kale luso limeneli.

Ntchito yachiwiri ndi imene makolo amaiponya kumbali: kumvetsa nkhani. Imeneyi simayambira m'maso, imayambira m'makutu. Mwana amene wakhala pa mkeka agogo akunena "Padangotero" iye n'kumayankha "Tili tonse" waphunzira zambiri zimene kabuku ka timadontho sikangamupatse. Akudziwa kuti nkhani imayamba, imafika povuta, kenako imatha. Akudziwa kusunga m'mutu zimene Fisi ananena poyamba kuti aone ngati adzanama kutsogolo. Amatha kulosera, ndiko kuganizira chimene chichitike asanauzidwe. Amatola mawu onga nkhalango, chilala, nyakwawa, amene sangawamve pa chitsime. Ndaonapo ana otchula chiganizo chonse molondola, koma ukawafunsa kuti anathawa ndani amangokuyang'ana. Pakamwa pakuwerenga, m'mutu mulibe nkhani. Ana otere ndi amene amatopa ndi sukulu akafika Sitandade 4, pamene mabuku ayamba kukhala ndi nkhani zitalizitali.

Boma linayambitsa National Reading Programme mu 2016, ndipo ana a Sitandade 1 mpaka 4 amaphunzira kuwerenga Chichewa ndi Chingerezi motsatira ndondomeko imodzi m'dziko lonse. Ndimaiyamikira. Koma kuchokera pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, makalasi athu ndi odzaza, ndipo kuno kukhala ndi ana oposa 100 m'kalasi imodzi si zachilendo. Mphunzitsi sangamve mwana aliyense akufotokoza nkhani m'mawu akeake. Kholo lingathe. Tinaziona mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19: m'kalasi mwanga, ana amene kwawo ankacheza nawo ndi kuwawerengera anabwerera asanataye zambiri.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti tikutaya nthano pamene dera lathu lino si losauka pa zolemba. Mukapitirira Nathenje n'kukhota pa Kamphata mufika ku Nkhoma, kumene Samuel Josia Ntara anali mphunzitsi, ndipo buku lake la Nthondo linatuluka mu 1933. John Gwengwe anatisiyira Sikusinja ndi Gwenembe. Sindikunena kuti mupatse mwana wa zaka 6 mabuku amenewa kuti awerenge yekha, ayi. Werengani inu, mumufotokozere pang'onopang'ono monga nthano.

Nanga kholo lophunzitsa mwana pakhomo lisankhe chiyani? Ana amasiyana, ndiye zimene ndinene si lamulo. Pitani kwa ahedi a sukulu yapafupi mukapemphe kuona buku la Chichewa la Sitandade 1, kuti maphatikizo anu atsate dongosolo lomwe mwana adzalipeze m'kalasi, chifukwa kusukulu ayenera kupitabe. Pogula buku, yang'anani ngati muli nkhani yokhala ndi anthu ndi zochitika, osati mawu ongondandalika. Tsiku lililonse nkhani imodzi, ingakhale ya m'Buku Lopatulika kapena ya agogo, kenako funsani: n'chifukwa chiyani anachita zimenezi, iwe ukanatani? Mwana anene nkhani yake, inu mulembe pa pepala iye akuona, mawa muwerengere limodzi. Amene muli ndi foni ya intaneti, pa African Storybook pali nkhani zaulere za ana. Chingerezi musachitaye, chilowe kudzera m'makutu kaye, m'nyimbo ndi m'timawu ta tsiku ndi tsiku.

Mayi a ku Mitundu aja ndinawauza kuti timabuku tawo asunge, tidzagwira ntchito chaka chamawa. Ndinawapempha chinthu chimodzi, chimene ndikupemphanso inu amene muli ndi mwana wosadziwa kuwerenga: usiku uno mukatha kudya nsima, zimitsani wayilesi, muitaneni pa mkeka mumufotokozere nthano.