Kodi Nthambo Zatsopano za Masipika Zimafunika Kuzolowetsedwa?

Pakati pa anthu okonda zida zapamwamba zomvetsera nyimbo, pali chikhulupiriro chakuti nthambo yatsopano yolumikiza ampulifaya ndi masipika siitulutsa mawu abwino mpaka itagwira ntchito kwa nthawi yaitali, ndipo ena amatchula maola 100 kapena kuposerapo. Nthawi imeneyi imatchedwa burn-in m'Chingerezi, kutanthauza kuzolowetsa chida, ndipo kampani ya Nordost inafika popanga makina otchedwa Vidar, amene ntchito yake ndi kudutsitsa magetsi m'nthambo kuti zizolowere msanga.

Olimbikitsa mchitidwewu amati kusinthako kumachitika m'pulasitiki wokuta waya wa kopa, popeza pulasitikiyo amasunga kachigawo kochepa ka mphamvu ya magetsi n'kukabweza pambuyo pake. Khalidweli lilipodi, koma n'laling'ono kwambiri pa mafunde amene khutu la munthu limamva, omwe ndi kuyambira 20 kufika 20,000 pa sekondi. Chimene chimalamulira ntchito ya nthambo ndi resistance, yomwe ndi kukaniza kwa waya magetsi akamadutsa, pamodzi ndi capacitance ndi inductance, zomwe zimafooketsa pang'ono mawu okwera kwambiri nthamboyo ikatalikitsa. Zitatuzi zimadalira kunenepa ndi kutalika kwa waya, mtundu wa pulasitiki, ndiponso mpata wa pakati pa mawaya, ndipo palibe n'chimodzi chomwe chimene nyimbo ingachisinthe, ngakhale italira mwezi wathunthu.

Komabe, amene amati amamva kusiyana sikuti akunama. Ubongo umasunga kamvekedwe kenikeni ka mawu kwa masekondi ochepa chabe, kotero kuti munthu woyerekeza zimene akumva lero ndi zimene anamva masabata atatu apitawo amakhala akuyerekeza ndi chikumbukiro chimene chasakanikirana kale ndi chiyembekezo chake, makamaka ngati nthamboyo anaigula modula. N'chifukwa chake akatswiri amadalira mayeso otchedwa ABX, mmene womvetsera amamva chida choyamba ndi chachiwiri, kenako amapatsidwa chimodzi mwa ziwirizo mobisa kuti anene kuti ndi chiti. Pa mayeso otere sipanapezeke umboni wodalirika wakuti nthambo yozolowetsedwa imasiyana ndi yatsopano.

Kusintha kwenikweni kumapezeka kwina. Sipika ili ndi mbali zimene zimagwedezeka, ndipo kansalu kamakwinya ndi labala zimene zimagwira mbale yake zimafewa pang'ono ikayamba kulira. Nawonso mapulagi amene agwira dzimbiri amapalika munthu akamawazula ndi kuwalowetsanso, zimene zingachotse phokoso losafunika, koma chiyamikiro chimapita kwa nthambo. Kwa wogulitsa, langizo lakuti wogula adikire kaye maola mazana lili ndi phindu lakelake, chifukwa pomafika nthawiyo khutu limakhala litazolowera, ndipo mwina masiku ololedwa kubweza katundu amakhala atadutsa.