MALO ANAYI, ANYAMATA AMBIRI

Pa bwalo la sukulu ku Mwenilondo, m'boma la Karonga, anyamata ambiri amafuna kumwetsa zigoli, ndipo ofuna kutchinga kumbuyo ngowerengeka. Komatu mbiri ya Flames iwonetsa kuti ulemu wa dziko lino wakhala ukusungidwa kawirikawiri ndi otchinga.

Tikumbukire mwezi wa Januwale 2022 ku Cameroon. Malawi adalepherana ndi Senegal 0-0, ndipo Senegal yemweyo ndiye adatenga chikho cha Afirika. Anyamata monga Dennis Chembezi, Stanley Sanudi ndi Gomezgani Chirwa adaletsa Sadio Mané kumwetsa chigoli. M'chaka cha 2010 ku Angola, Peter Mponda adatsogolera timu imene idagonjetsa Algeria 3-0.

Tsono vuto nali. Malo a otchinga nthawi zambiri ndi anayi okha, ndipo mphunzitsi sakonda kusinthasintha anthu ozolowerana kale, pakuti kulakwa kumodzi kumbuyo kubala chigoli. Chotero mnyamata watsopano ayenera kupirira, nakhala wokonzeka tsiku limene mkulu wake avulala kapena atopa.

Kwa mwana wa ku Mwenilondo mtunda nawonso ulemetsa katundu, popeza Lilongwe ndi Blantyre ali kutali. Komabe makalabu aakulu akabwera kudzasewera pa Karonga Stadium, maso a osankha amafika pafupi.

Inu aphunzitsi, amene mumayamba kumuona mwanayo, musamike womwetsa zigoli yekha. Muyamikenso amene waletsa chigoli, pakuti dziko limusowa.