Khomo, ndagala ndi sukulu: komwe achinyamata a kwa Mposa amaphunzira ulemu

MACHINGA: M'mwezi wa Ogasiti, sukulu zikatsekera ndipo zokolola zili m'nkhokwe, midzi yambiri ya m'dera la Mfumu Yaikulu Mposa m'boma la Machinga imatumiza ana ku chinamwali. Anyamata amalowa ku ndagala kukavinidwa jando pomwe atsikana amapita ku nsondo, ndipo potuluka amalandiridwa ndi gule wa manganje, zovala zatsopano komanso mphatso.

Pakangopita masabata ochepa, ana omwewa amabwerera m'kalasi. Apa mpamene pamaonekera ngati zomwe anauzidwa kunyumba, ku chinamwali ndi kusukulu zikugwirizana. Mwana wa zaka 13 yemwe wauzidwa kuti tsopano wakula akhoza kumva kuti ayenera kudziletsa ndi kulemekeza ena, koma akhozanso kumva kuti palibenso womudzudzula. Tanthauzo lomwe mwanayo angatenge limadalira ngati makolo, anankungwi ndi aphunzitsi akulankhula chimodzi.

Ulemu umayambira pakhomo

Kwa Mposa, monga m'madera ena a Machinga ndi Balaka komwe kuli Ayao ambiri, mwana amaphunzira ulemu asanadziwe kuwerenga. Amaphunzitsidwa kuodira asanalowe pakhomo pa eni, kulandira chinthu ndi manja awiri, kugwada kapena kunjuta polankhula ndi akulu, ndiponso kulandira katundu wa mlendo kapena nkhalamba. Munthu wamkulu satchulidwa dzina lokha popanda mawu aulemu oti Che patsogolo pake.

Udindo wophunzitsa izi suli wa bambo ndi mayi okha. M'mabanja a chikamwini, mtsibweni, yemwe ndi mwini mbumba, ali ndi mphamvu zodzudzula ana a mlongo wake, ndipo agogo ndi azakhali amalangiza mwana pa nkhani zomwe kholo limachita nazo manyazi. Nchifukwa chake akale ankati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Koma dongosololi likukumana ndi zokhoma. Abambo ndi atsibweni ambiri a m'maboma awiriwa amapita ku South Africa kukasaka ntchito, ndipo ana amatsala ndi amayi kapena agogo omwe amakhala otanganidwa kumunda. Derali lilinso m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, komwe mnyamata akhoza kupeza ndalama akadali wamng'ono pokoka khoka la matemba kapena kuthandiza asodzi omwe amagona m'zimbowera. Mnyamata wotere akayamba kugula ndiwo pakhomo, kholo limaopa kumudzudzula, ndipo iye amayamba kuona sukulu ngati yotayitsa nthawi.

Nyanjayi ikaphwa, monga zinachitikira m'zaka za 1968, 1995 ndi 2018, mabanja amabalalika pofuna chakudya, ndipo ana amasowa wowayang'anira.

Zomwe chinamwali chimaphunzitsa

Ku ndagala, ngaliba akamaliza mdulidwe, ntchito yolangiza imakhala ya anakanga ndi alombwe. Malangizo ambiri, omwe pa Chiyao amatchedwa misyungu, ndi okhudza khalidwe: kusalowa kuchipinda kwa makolo, kusatukwana, kupatukira akulu panjira, kuthandiza pa maliro komanso kudzisamalira pathupi. Makolo a mwana wamwano amauza alangizi zolakwa zake kuti akamuwongole. Atsikana nawonso amalangizidwa za ukhondo, ntchito za pakhomo ndi kulemekeza makolo.

Ngakhale izi zili choncho, si zonse za ku chinamwali zomwe zimamanga mwana. Kafukufuku wa miyambo yemwe bungwe la Malawi Human Rights Commission linachita m'chaka cha 2005 anasonyeza kuti m'madera ena anamwali ankalimbikitsidwa kugonana akangotuluka, mwambo womwe umatchedwa kusasa fumbi. Mchitidwewu umaika ana pa chiopsezo cha kachilombo ka HIV, mimba zosayembekezera komanso kusiya sukulu.

Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la m'chaka cha 2010 limaletsa miyambo yoononga thanzi ndi kakulidwe ka mwana, kuphatikizapo kumukakamiza kulowa m'banja. M'chaka cha 2017, Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti aliyense wosakwana zaka 18 azitengedwa ngati mwana. Izi zikutanthauza kuti namwali wa zaka 13 akadali mwana pamaso pa lamulo, ngakhale mudzi utamuvinira manganje.

Potsatira izi, mafumu ambiri m'chigawo cha kummawa anakhazikitsa malamulo a m'midzi oti zinamwali zizichitika nthawi ya tchuthi yokha, ndipo ophwanya amalipitsidwa chindapusa.

Sukulu ndi nkhani ya ufulu

Mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa sukulu aliyense ankaloweza ngodya zinayi zomwe ndi umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Lamulo la kavalidwe la m'chaka cha 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo chikwapu chinali chosasowa m'kalasi. Mwambo unalipo, koma mbali yaikulu unkadalira mantha.

Zinthu zinasintha m'chaka cha 1994 pomwe boma la Dr Bakili Muluzi linayambitsa maphunziro aulere a pulayimale. Chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma linalemba aphunzitsi masauzande omwe anali asanaphunzire ntchitoyo. Mphunzitsi mmodzi akakhala ndi ana oposa 100, sangathe kudziwa khalidwe la mwana aliyense, ngakhale mayina awo amene.

Kuyambira nthawi imeneyo, makolo ambiri akhala akudandaula kuti ufulu wa demokalase unaononga ana. Komatu malamulo sanachotse udindo wa mwana. Lamulo lija la m'chaka cha 2010 limanena momveka kuti mwana ali ndi udindo wolemekeza makolo, omuyang'anira ndi akuluakulu, komanso wotumikira dera lake. Mfundo yomweyi ilinso m'pangano la mayiko a mu Africa la ufulu ndi chisamaliro cha ana la m'chaka cha 1990, lomwe Malawi anavomereza.

Chomwe chinasintha ndi njira yophunzitsira ulemuwo. Unduna wa Zamaphunziro umaletsa aphunzitsi kumenya ana, ndipo m'malo mwake umalimbikitsa uphungu, zilango zopepuka zogwirizana ndi cholakwa, komanso kuitana makolo. Phunziro la Life Skills, lomwe limalembedwa pa mayeso a Sitandade 8, limaphunzitsa ana kudziletsa, kukana zonyenga za anzawo ndi kuthetsa mikangano mwamtendere.

Pambali pa aphunzitsi, pali makomiti a sukulu, mabungwe a makolo ndi aphunzitsi, ndi magulu a amayi otchedwa Mother Group, omwe amalangiza atsikana ndi kulondola amene asiya sukulu. Ndondomeko ya m'chaka cha 1993 imalola mtsikana yemwe anatenga pathupi kubwerera kusukulu akabereka. Apa ulemu umafunikanso kwa anzake ndi aphunzitsi, poti mtsikana wotere akamasekedwa m'kalasi, sachedwa kusiyanso.

Ana ambiri a kwa Mposa amapitanso ku madrasa masana kapena ku Sande sukulu, komwe mashehe ndi abusa amaphunzitsa za kulemekeza makolo ndi kavalidwe koyenera.

Akulu akasemphana, ana amaonera

Zomwe zinachitika pa nkhani ya hijabu zikusonyeza kuipa kwa kusamvana pakati pa olangiza ana. M'mwezi wa Novembala 2019, pa sukulu za mpingo wa Anglican kwa M'manga m'boma la Balaka panabuka ziwawa pomwe atsikana a Chisilamu analetsedwa kulowa m'kalasi atavala hijabu. Kwa makolo awo, chovalacho chinali chizindikiro cha ulemu, pomwe kwa eni sukulu kunali kuphwanya malamulo a yunifolomu. Anthu anavulala, katundu anaonongeka ndipo maphunziro anasokonekera.

Mkangano wonga womwewo unabukanso pa sukulu ya pulayimale ya Mpiri m'boma la Machinga m'chaka cha 2020. Zinatengera zokambirana zomwe linatsogolera bungwe la Public Affairs Committee kuti m'chaka cha 2021 atsogoleri a zipembedzo ziwirizi asayinirane mgwirizano wolola atsikana a Chisilamu kuvala hijabu yogwirizana ndi mtundu wa yunifolomu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma.

Ana omwe anaona akulu akugendana sakanamvetsa msanga phunziro la kuthetsa mikangano mwamtendere. Mgwirizanowo, kumbali ina, unawaonetsa kuti anthu osiyana chikhulupiriro akhoza kukhala pansi nkumvana.

Udindo wa adindo

Kwa alangizi a zamaphunziro, ogwira ntchito zosamalira anthu ndi makomiti a chitukuko a m'madera, ntchito yaikulu ndi yokumanitsa mbali zonsezi nthawi isanathe. Mwezi wa Julaye, ndagala zisanamangidwe, ndi nthawi yoyenera kuti mafumu, angaliba, anankungwi, mashehe, abusa ndi aphunzitsi aakulu agwirizane za tsiku lotulutsa anamwali komanso za malangizo oyenera msinkhu wawo.

Mphunzitsi wamkulu akhoza kupempha kuti pakati pa malangizowo pakhale loti kukula ndi kumvera aphunzitsi ndi kumaliza sukulu. Nawo aphunzitsi ayenera kupewa kunyoza chinamwali pamaso pa ana, kapena kuchititsa manyazi namwali pagulu, chifukwa kutero kumamukakamiza kusankha pakati pa mudzi wake ndi sukulu.

Makolo omwe ali kutali akhoza kusiya mwana m'manja mwa wachibale wodziwika kusukulu, yemwe aziitanidwa pakakhala vuto. Kaundula wa sabata yoyamba ya teremu amasonyeza anamwali omwe sanabwerere m'kalasi, ndipo mayina awo akafika msanga kwa nyakwawa ndi a Mother Group, anawo akhoza kulondoledwa teremu isanapite patali.