Mawu Okokomeza Pofotokoza Kakomedwe ka Vinyo

M'magazini a vinyo a ku Ulaya ndi ku America muli mtundu wa zolemba umene uyenera kuunikidwa ndi aliyense wogwira ntchito yosankha mawu. Katswiri amalawa vinyo wokwera mtengo, nalemba ndime yaifupi yofotokoza maonekedwe, fungo ndi kakomedwe kake. Anthu ambiri amagula botolo asanalawe, pokhulupirira ndimeyo. Kuyambira mu 1978, pamene Robert Parker anayambitsa magazini imene inadzatchedwa The Wine Advocate ndi kufalitsa mchitidwe wopatsa vinyo malikisi ofika 100, ndemanga yabwino yakhala ikukweza mtengo.

Chovuta n'chakuti mawu ambiri a m'ndimezi salozera kanthu. Vinyo amatchedwa "wamphongo", "wamanyazi" kapena "waulemu", ngati kuti ndi munthu. Olemba ena amati m'tambula imodzi amvamo fodya, chikopa, nthaka yonyowa ndi zipatso zamitundumitundu, ndipo mndandanda umatalika monga mtengo wakwerera. Adrienne Lehrer, katswiri wa zinenero wa ku University of Arizona, anafotokoza m'buku lake la mu 1983, Wine and Conversation, kuti anthu olawa vinyo mmodzi yemweyo ankatchula mawu otsutsana, ndiponso kuti kawirikawiri womvera sankatha kuzindikira vinyo amene mnzake wafotokoza.

Kafukufuku wodziwika kwambiri anasindikizidwa mu 2001 ndi Gil Morrot, Frédéric Brochet ndi Denis Dubourdieu. Ophunzira za vinyo 54 a ku yunivesite ya Bordeaux anapatsidwa vinyo woyera wothiridwa mtundu wofiira wopanda fungo. Iwo anamufotokoza ndi mawu amene amanenera vinyo wofiira. Maso ndiwo anasankha mawuwo, osati mphuno.

Komabe kungakhale kulakwa kuganiza kuti mawu onse otere ndi matama. Wonena kuti vinyo wa mphesa za Shiraz akununkhira tsabola wakuda ali ndi umboni: mu 2008 akatswiri a ku Australia anaonetsa kuti m'vinyoyo ndi m'tsabolamo muli chinthu chimodzi chotchedwa rotundone. Anapezanso kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu sakumva fungo limeneli, choncho anthu awiri angatsutsane popanda wonama.

Malire a mawu aluso ndi mawu okometsera anawaonetsa bwino Ann C. Noble wa ku University of California, Davis. Mu 1984 iye ndi anzake anasanja mawu a fungo la vinyo m'chithunzi chozungulira: pakati pali mawu a gulu, monga "zipatso", ndipo cha kunja kuli dzina la chipatso chenicheni. Mawu oyamikira kapena onyoza anawasiya dala. Liwu linkalandiridwa ngati likulozera fungo lenileni, ndipo pa mawu ambiri mphunzitsi angathe kuika kachidutswa ka chinthucho m'vinyo wamba kuti wophunzira anunkhize yekha. Apulo angaikidwe m'tambula, "ulemu" sungaikidwemo.

Muyeso umenewu ungathandize mkonzi kapena womasulira amene wakumana ndi ndime zotere. Liwu lolozera chinthu limasuliridwe monga lilili, ndipo ngati chipatsocho n'chachilendo kwa owerenga, dzina lake lisungidwe ndi kufotokozedwa mwachidule. Kulemba "masuku" m'malo mwa blackcurrant kumamveka bwino m'khutu, koma kumapatsa wowerenga fungo limene m'botolomo mulibe.