DVD ya ukwati wanu ili mu chani? Kava ndiye moyo wa disiki

Tiyeni tikambe zoona. Pa nyumba panu pali display, ndipo kumbuyo kwa mbale za alendo kuli ma disiki osanjikizana monga vitumbuwa pa msika. Pakati pa mulu uja pali DVD ya ukwati wanu, ya kitchen party ya asisi anu, mwina na ya maliro ya ambuya. Manje yesani kuiika mu makina lelo. Ngati iyamba kuima-ima pamene akwati alowa mu holo, musathamangile kutukwana uja anajambula. Kambili mlandu uli pa chinthu chamene munaisungilamo.

Masiku ano nyimbo zili pa foni na pa flash, ndipo zikatayika mupita chabe pa intaneti. Koma vidiyo ya ukwati wa 2009 simuzaipeza pa YouTube. Ngati disiki ija yafa, ndiye kuti basi. Ndiye chifukwa chake mufunika kudziwa ma kava bwino.

Disiki ni yofooka kuchila mmene ionekela

CD ni 12 cm kukula, koma kunenepa ni 1.2 mm chabe. Anthu ambili ayopa kukanda pansi, kuja kowala. Chamene sadziwa ni chakuti pa CD nyimbo zikhala pafupi na pamwamba, pansi chabe pa mau olembedwa. Mukakanda pamwamba na bolopeni, mwapaya nyimbo. DVD ilimbako pang'ono chifukwa vithunzi vikhala pakati pa mapulasitiki awili omata. Koma zonse ziwili, maka-maka zija zoocha pa kompyuta, sizigwilizana na dzuwa. Kusiya disiki pa dashibodi ya motoka mu October ni kuiphika.

Jewel case: yokongola koma yosalimba

Iyi ni ija yoonekela mkati monga galasi, yamene mukumbuka pa ma alubamu a Mondo Music nthawi ya JK na Black Muntu. Anaipanga ni Peter Doodson wa kampani ya Philips, pamene CD inali kuyamba kugulitsidwa mu 1982. Ubwino wake ni wakuti disiki ikhala pa tumano twa pakati, siikhudza pansi, ndipo kutsogolo kuli malo a kabuku ka vithunzi. Vuto ni pulasitiki yake. Ikagwa pa simenti kamodzi, tumakutu twa chitseko tuthyoka. Tumano tukathyoka, disiki iyamba kuyenda-yenda mkati na kukandika. Pali na ina yopyapyala, hafu ya iyi, yabwino ngati malo ni ochepa, koma ilibe msana wolembapo dzina.

Kava yakuda ya DVD: mfumu ya mu komboni

Iyi ni ija yaitali monga buku, pafupifupi 19 cm, yamene azungu aitana keep case. Pulasitiki yake ni yofewa, ipindika m'malo mophwanyika. Mwana akaiponya pansi, mungoitola. Kunja kuli kathumba koonekela kolowetsamo pepala ya chithunzi. Pakati pali kabatani: dinikizani, disiki ituluka yeka. Osaikoka na mphamvu, mungaing'ambe pa kabowo. Ma Blu-ray, amene anabwela mu 2006, akhala mu kava yofanana, koma ya buluu ndipo yaifupiko.

Digipak: suti ya disiki

Iyi ni ya katoni yopinda, na kathileyi ka pulasitiki komata mkati. Oimba aikonda chifukwa chithunzi chioneka bwino mbali zonse. Onani mmene kampani ya ku America ya Now-Again inatulutsila nyimbo za WITCH, akatswili a Zamrock, mu 2012: ma CD anayi pamodzi na buku ya mbili yao. Chinthu chotele munthu sataya. Koma katoni na madzi ni adani. Ngati mukhala ku Kanyama kapena ku Misisi kwamene mvula ilowa mpaka mu bedi, iikeni pamwamba penipeni.

Kapepa na kapulasitiki: vochipa vidula

Apa ndiye pamene ambili tigwela. Ma disiki a mu mseu na pa City Market abwela mu kapulasitiki kopyapyala na pepala ya fotokope. Ojambula maukwati ena nawo apeleka DVD mu ka envulopu. Fumbi ya mu August ikalowa mkati, nthawi iliyonse mutulutsa disiki ni monga muikwecha na sandipepa. Chikwama cha zipi chija cholowa ma disiki ambili chilinso na vuto imodzimodzi. Ndipo ka ndowa kozungulila kamene mukhala ma disiki 50 kapena 100 ni ka ma blank, osati kosungilamo ukwati wanu.

Kwa imwe oimba na makwaya

Ngati mukali kugulitsa ma CD pa geti ya tchalitchi kapena pa launch, kava ndiye nkhope yanu. Munthu aona chithunzi asanamve nyimbo. Lembani dzina pa msana, maina a nyimbo kumbuyo, na nambala yokupezelani. Boma inabweletsa hologram mu 2013 kuti anthu azisiyanitsa original na ya piracy, koma ngakhale popanda kuyang'ana kastika, kava yosindikiza bwino iuza wogula kuti munaikapo mtima.

Chitani ivi pa weekend ino

Sankhani ma disiki amene simungapeze kwina. Agulileni ma kava akuda, imodzi-imodzi. Pukutani na kansalu kofewa kuchoka pakati kupita kunja, osati mozungulila. Gwilani m'mbali, osati pamimba. Lembani na maka yofewa, ndipo aimikeni monga mabuku, kutali na windo. Mukatsiliza, pitani pa cafe akukopeleni pa flash, kuti mukhale na viwili.

Tsiku lina mwana wanu azafunsa kuti, "Amai, ambuya anali kuvina bwanji?" Ka kava kamene mugula lelo ndiye kazayankha.