Katswiri wa Miyala Amene Amatsuka Nthaka

Achinyamata ambiri akamva za katswiri wa miyala amaganiza za munthu wonyamula nyundo, wofunafuna golide m'mapiri. Ntchitoyo ilipodi. Koma ena mwa akatswiriŵa amaitanidwa kukakonza malo amene migodi inaononga, ndipo mzinda wa Kabwe, kwa anansi athu ku Zambia, ungationetse bwino ntchito imeneyi.

Mtovu unapezeka kumeneko m'chaka cha 1902, ndipo mgodi wa Broken Hill, lomwe ndi dzina lakale la Kabwe, unatsekedwa mu 1994. Fumbi lake linatsala pa mabwalo a nyumba za ku Kasanda, Chowa ndi Makululu. Mtovu suola. Mwana wokwaŵa amaudyera kumodzi ndi dothi, ndipo ukaloŵa m'magazi umaononga ubongo mwakachetechete. Makolo amangoona mwana akulephera kusukulu, mwinanso nkumukalipira kuti ndi waulesi, pamene mlandu uli pabwalo pomwe amaseŵerapo.

Katswiri wa miyala amayenda khomo ndi khomo ndi kachipangizo kotchedwa XRF, kogwira ndi dzanja limodzi, kamene kamayeza mtovu m'dothi pa kamphindi kochepa. Akatero amajambula mapu oonetsa pamene paipitsitsa. Pamenepo antchito amapala dothi lapamwamba, nayala nsalu yolimba, nathirapo dothi labwino, nadzala kapinga. M'chaka cha 2016 World Bank inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yothandizira Kabwe ndi mizinda ina ya migodi.

Nanga ndalama zotere zikafika, ntchito imapita kwa yani? Kukumba ndi kututa dothi sikufuna kampani yochokera kutsidya kwa nyanja. Bambo wa malole aŵiri ndi anyamata khumi angathe. Chomgwetsa kaŵirikaŵiri si mphamvu ai, koma mapepala. Ntchito za boma amazipereka mwa mpikisano, ndipo wopikisana ayenera kuonetsa kuti kampani yake inalembetsedwa, kuti alibe ngongole ya msonkho, ndi kuti mtengo wake anauŵerengera bwino. Wosadziŵa kulemera kwa dothi amatchula mtengo wotsika, napambana, kenaka mafuta nkumthera ntchito ili pakati.

Ndiye chifukwa chake timlemekeza katswiri amene, atakhwima pa ntchito, amakhala pansi ndi amalonda ang'onoang'ono otere. Ayenera kusankha mbali imodzi: sangakhale mlangizi wa wopikisana ndiponso woweruza mpikisano womwewo, pakuti chimenecho ndi chinyengo. Koma akakhala mlangizi, amawaŵerengera mitolo ya dothi, maulendo a lole ndi masiku a ntchito. Amawalembetsanso ndondomeko yotetezera anthu: kuwaza madzi kuti fumbi lisauluke, kufunditsa lole ndi lona podutsa m'mudzi, ndi kusiya nsapato ndi zovala kuntchito komweko, kuopa kuti bambo angatengere mtovu kwa ana ake madzulo.