Mkuwa ndi Mtovu M'madzi: Nsomba Imayamba Yasokonezeka Isanafe

Pa 18 February 2025, damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi, m'dziko la Zambia, linaphulika. Madzi a asidi ndi zitsulo anasefukira mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba n'kuyandama zitafa. Ngozi yotere aliyense amaiona. Yovuta kuizindikira ndi yobwera pang'onopang'ono, ndipo imeneyo ingatigwere ngakhale kuno kwa Nsabwe kumene kulibe mgodi.

Nsomba imadalira fungo. Mlamba umapeza chakudya m'madzi a matope ponunkhiza. Matemba akamva fungo lotuluka pakhungu la mnzawo wovulazidwa, amabalalika n'kubisala. Mkuwa wochepa kwambiri, wosasintha n'komwe mtundu wa madzi, umaononga mphuno za nsomba ndi mzere wa m'nthiti umene imamvera kugwedezeka kwa madzi. Ikatero imasambira poyera, osadziwa kuti katumbu kapena kakowa wayandikira. Imadya monyinyirika, imakula mochedwa, ndipo mwini dziwe amangodandaula kuti mbewu ya nsomba inali yoipa. Mtovu umagwira ubongo ndi mitsempha, nsomba n'kuchita ulesi. Nkhono nazo zimadzitsekera m'zigoba, osadya.

Nanga zitsulozi zimachokera kuti? Mankhwala ena opopera matimati ndi khofi ali ndi mkuwa, pamene mabatire a galimoto ndi a sola ali ndi mtovu. Wotsukira chopopera mumtsinje, kapena wophwanyira batire m'khwawa, amatumiza zitsulozo ku Ruo mpaka ku Shire. Siziola ngati manyowa: zimakhazikika m'matope, momwe mlamba ndi nkhanu zimafunamo chakudya.